Funsani Amalume: Bwalo likakalamba, tiligwetse kapena tilikonze?

*Amalume, mlongo wanga ndi namwino ku Oakland, ku California. Chakumapeto kwa 2024 anandiimbira foni ali wokhumudwa, akuti timu ya baseball ya mumzinda wawo, Athletics, yasamuka chifukwa bwalo lake lakalamba ndipo palibe amene akufuna kulipira latsopano. Ndinadabwa nditamva kuti bwalolo linatsegulidwa mu 1966, pambuyo pa Independence Stadium yathuyi ya kuno ku Lusaka. Kodi ku America, kwa eni ndalama, amamanga zosalimba?*
*Mphwanu wa ku Chilenje South*

Mphwanga, amamanga zolimba ndithu. Ine ndakalambira pa ntchito ya zomangamanga, kuyambira pokankha wilibala mpaka pa ukapitawo, ndipo konkire yothiridwa bwino mu 1966 siingakhale itatopa lero. Mabwalo ambiri a ku America safa ndi ukalamba ayi. Amaphedwa ndi eni matimu akaona kuti kwinakwake kuli ndalama zoposa zimene akupeza.

Poti ambirife baseball timangoidziwira pa zipewa zolembedwa NY zimene anyamata amatola pa salaula ku Soweto, ndiyambe ndalongosola pang'ono. Wina amaponya kampira kolimba, wina amakamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi. Ligi yawo yaikulu ili ndi matimu 30, ndipo timu iliyonse imasewera masewero 162 pa chaka, 81 mwa amenewo pabwalo lakwawo. Ineyo masewerawo amanditopetsa, sachedwa kundigonetsa. Chimene ndimabwerekera foni ya mdzukulu wanga n'kuona nyumbazo, mmene anaimikira mizati ndi mmene anakolekera madenga.

Bwalo la kwa mlongo wakolo, Oakland Coliseum, linali ndi matenda enieni, tisalikometse. Malo osewerera anawakumba pansi kwambiri, kutsika kuposa pamene pamalekezera madzi a m'nyanja, choncho zonyansa za m'zimbudzi zimachita kukwezedwa ndi mapampu. Mu June 2013 mapaipi anatsekeka, zonyansazo zinabwerera m'zipinda zovalira, moti osewera a matimu onse awiri anakasambira limodzi m'chipinda china cham'mwamba. Koma funsa kuti zinafika bwanji pamenepo. Mu 1995 mzinda wa Oakland ndi boma la chigawo chawo anakongola pafupifupi madola 200 miliyoni pofuna kunyengerera timu ya Raiders, ya mpira wina uja wovala zisoti, kuti ibwerere kuchokera ku Los Angeles. Anaimangira chimulu cha mipando chachitali chimene chinatseka mapiri amene anthu ankawaona ali pabwalo. Raiders inakhala zaka 25, mu 2020 n'kunyamuka ulendo wa ku Las Vegas, ngongole n'kuisiyira okhoma msonkho. Ndiye pamene mwini wa Athletics ankabwera naye ndi mbale yake, anthu a ku Oakland anali atapsa kale. Zokambirana zinatenga zaka. Mu 2023 boma la Nevada linalonjeza kuikapo madola okwana 380 miliyoni, nkhani n'kuthera pomwepo. Timu imene inatenga chikho cha World Series katatu motsatizana, 1972, 1973 ndi 1974, n'kudzatenganso mu 1989, inasewera komaliza pa Coliseum pa 26 September 2024. Inakabwereka kabwalo ka anthu pafupifupi 14,000 ku West Sacramento podikira la ku Las Vegas, limene akuti lidzatsegulidwa mu 2028.

Wadabwa ndi la 1966, nanga awa uwati chiyani? Ku Atlanta kuli bwalo limene linamangidwira masewera a Olympic a 1996, pomwe paja Samuel Matete wathu anatengera mendulo ya siliva pa liwiro la mamita 400 lodumpha zotchinga. Mu 1997 analisandutsa la baseball n'kulitcha Turner Field. Timu ya Braves inalisiya kumapeto kwa 2016, litangogwira ntchito zaka 20. Sikuti linang'aluka. Anasamukira kunja kwa mzinda, ku Cobb County, kufupi ndi ochemerera a ndalama, komwe timuyo inamanga mahotela, malo odyera ndi nyumba za lendi kuzungulira bwalo. Ku Texas nako, bwalo la Rangers la 1994 analisiya mu 2019 ati dzuwa likuwotcha anthu, n'kumanga lina la denga lotseka ndi kutsegula kutsidya kwa msewu. Anthu a mzinda wa Arlington anavomera pa voti kuti msonkho wawo uperekepo madola 500 miliyoni.

Mwini timu akati bwalo lakalamba, kawirikawiri akutanthauza kuti mulibe tizipinda tokwanira ta magalasi tobwereketsa makampani, njira zake n'zopapatiza moti sangaikemo mashopu ambiri, ndiponso malo ozungulira si ake. Akatero amauza mzinda kuti mukapanda kundimangira, mzinda wakutiwakuti ukundiitana.

Tsono tembenuka uone ku Boston. Fenway Park, bwalo la timu ya Red Sox, inatsegulidwa pa 20 April 1912, patangopita masiku asanu sitima ya Titanic itamira. Mu 1999 eni ake a nthawiyo analengeza kuti bwalolo silingakonzekenso, amanga lina pambali pake. Ochemerera anakana kwamtuwagalu. Mu 2002 timuyo inagulidwa ndi gulu la a John Henry, ndipo iwo anasankha kukonza. Chaka chilichonse ligi ikatseka, amisiri ankalowa n'kugwira chigawo chimodzi: kuno kumata konkire kuti madzi asalowe, uko kukulitsa njira, kwina kusintha mipando. Mu 2003 anaika mipando pamwamba pa chikhoma chobiriwira cha mamita 11 chimene amachitcha Green Monster, ndipo mipando imeneyo anthu amailimbirana. Ntchito yonse inatenga zaka khumi ndi madola pafupifupi 285 miliyoni, makamaka a m'thumba mwawo. Inu ochemerera Liverpool a ku Kabwata, awa ndi mabwana anu omwe aja. Atagula Liverpool mu 2010 anapeza mapulani omanga bwalo latsopano ku Stanley Park, anawaika m'kabati, n'kukulitsa Anfield chigawo ndi chigawo, kuyambira ndi Main Stand mu 2016.

Wrigley Field ya ku Chicago ndi ya 1914. Mu 2004 zidutswa za konkire zinkagwa kuchokera m'mwamba mpaka anamanga maukonde oti azizitchinga. Wina akanati basi, latha. Banja la Ricketts litagula timu ya Cubs mu 2009 linalikonza kuyambira 2014 mpaka 2019, kusintha zitsulo zodyeka ndi konkire yovunda, koma zomera zoyanga pakhoma zimene zinabzalidwa mu 1937 anazisiya.

Sindikunena kuti akalewa ndi paradaiso. Ku Fenway mipando ina ndi yothina, ina uli kuseri kwa mzati, ndipo matikiti ake si a munthu wamba. Koma muuze mlongo wakoyo kuti mabwalo a 1912 ndi 1914 akudzaza anthu mpaka lero, pamene la kwawo la 1966 linasiyidwa. Lake linasowa mwini wolikonda.

*Amalume, ine ndimadutsa pa Great North Road tsiku lililonse popita ku ntchito. Mabwalo awiri aja ali moyandikana, Heroes yonyezimira, Independence yongoiwalika. Bwanji boma osangoligwetsa lakalelo n'kugulitsa malowo kwa omanga mashopu? Si tili nalo kale latsopano?*
*Bambo wa ana anayi, Mandevu*

Bambo, musanatchule mawu oti kugwetsa, kwerani basi mupite ku Ndola mukafunse akuluakulu za Dag Hammarskjöld Stadium. Dziko lathu linapatsidwa mwayi wochititsa mpikisano wa Africa Cup of Nations wa 1988. Akuluakulu anati Dag ndi yaing'ono, tiigwetse timange yaikulu pamalo pomwepo. Kugwetsako kunatheka bwinobwino. Koma zinali zaka zija mtengo wa kopa uli pansi, ngongole zili m'khosi, anthu akuima pa mzere kufuna ufa ndi sopo. Ndalama zomangira sizinapezeke, Zambia inabweza mwayiwo, mpikisano unapita ku Morocco. Pamalo paja panamera thengo. Ana anabadwa, kukula mpaka kukwatira osaona bwalo lalikulu mumzinda wawo, kufikira Levy Mwanawasa Stadium itatsegulidwa mu 2012.

Mukanati tinaphunzirapo. Mu 2004 bwalo la Independence linatsekedwa poopa ngozi. Chakumapeto kwa 2007 grandstand ya kumadzulo inagwetsedwa, maso ali pa All-Africa Games ya 2011 imene Lusaka inayenera kuchititsa. Kumapeto kwa 2008 boma linati ndalama palibe, masewerawo n'kupita ku Maputo. Zaka zimenezo Chipolopolo inkasewera masewero akwawo ku Konkola Stadium, ku Chililabombwe, pa malire ndi Congo. Munthu wa ku Mandevu ankayenda ulendo wa tsiku lathunthu kuti akaone timu ya dziko lake ikusewera "pakhomo". Mwina grandstand ija inafunikadi kugwa, a injiniya ndiwo anaiona. Cholakwa chinali kuigwetsa ndalama ya inzake isanalowe m'banki. Pa saiti ndinkauza anyamata anga kuti khoma siligwetsedwa njerwa zatsopano zisanatsitsidwe pa lole, ngakhale bwana alumbire bwanji kuti zili m'njira.

Ndiye pali nkhani ya malowo. Pabwalo la Independence ndi pomwe mbendera ya Britain inatsitsidwa ndipo yathu inakwera pakati pa usiku wolowera pa 24 October 1964. Ndi pomwe anadzandandalika mabokosi a anthu 30 amene anafa ndege itagwera m'nyanja ku Gabon pa 27 April 1993, osewera 18 pamodzi ndi mphunzitsi wawo Godfrey Chitalu, ndipo manda awo ali pambali pomwepo. Mu July chaka chomwecho timu yongosonkhanitsidwa kumene inakumana ndi Morocco pabwalopo. Ine ndinali ku open wing, dzuwa lili pamphumi, mtedza wokazinga uli m'thumba la malaya osaukumbukira n'komwe. Pafupifupi aliyense anali ndi kawayilesi pa khutu, kumvera Dennis Liwewe akutiuza zimene tikuziona ndi maso athu omwe. Morocco inatsogola. Kalusha Bwalya atamenya free kick ija n'kulowa, mdala wina amene ndinakhala naye pafupi sanadumphe monga tinachitira tonsefe, anangokhala pa sitepe n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Johnson Bwalya anadzamwetsa chachiwiri, tinapambana 2-1. Pamalo otere mukufuna pakhale shopu ya mafiriji? Manda Hill, Arcades, East Park ndi Levy sizikukukwanirani?

Koma chisoni sichichirikiza konkire, ndipo ine sindikunena kuti tilisunge kuti tizilirirapo. Ndikunena kuti Lusaka ikulifuna. National Heroes Stadium, imene inamangidwa ndi kampani ya Shanghai Construction Group pa ngongole ya ku China ya madola pafupifupi 94 miliyoni n'kutsegulidwa mu 2014, ndi ya anthu 60,000. Ndi yabwino pa tsiku ngati lija la mu March 2017 pamene anyamata a zaka zosapitirira 20 anagonjetsa Senegal 2-0 n'kutenga chikho cha Africa, kapena polumbiritsa pulezidenti. Koma ikani pamenepo masewero a ligi a Loweruka wamba muone. Anthu ochepa amene abwerawo amangomwazikana, phokoso lawo silifika kwa osewera, pamene mageti, zimbudzi, alonda ndi madzi othirira kapinga zikudya ndalama ngati kuti ladzaza. Walira mvula walira matope: tinalira bwalo lalikulu, tinalipeza, ndipo lili ndi mimba yake yofuna kudyetsedwa mwezi ndi mwezi. Kumbali ina, Nkoloma, Sunset, Woodlands ndi Edwin Imboela ndi mabwalo a makalabu, ang'onoang'ono. Pakatipa pali mpata, ndipo Independence ingautseke.

Ndikanakhala ine wolamula, ndikanaitana a injiniya kuti aboole konkire m'zigawo zonse n'kukayeza, kuti tidziwe cholimba ndi chovunda. Cholimba chikhale. Chovunda chitchingidwe kaye ndi waya, chidzagwetsedwe tsiku limene ndalama yomangira ilipo. Lichepetsedwe likhale la anthu 15,000 kapena 20,000, la zimbudzi zogwira ntchito ndi mageti otseguka. Lizigwira ntchito sabata yonse: ligi, mipikisano ya masukulu, othamanga, misonkhano ya mipingo, ndiponso mpira wa amayi. Copper Queens anafika ku World Cup mu 2023, Barbra Banda akutchuka dziko lonse lapansi, koma atsikana amene akubwera pambuyo pake akusewerabe pa fumbi. Everton itasamuka ku Goodison Park mu 2025 siinagwetse bwalo lake la 1892, inalipereka kwa timu ya amayi. Turner Field ija ya ku Atlanta inagulidwa ndi yunivesite ya Georgia State, inachepetsedwa, ndipo ikuseweredwa mpaka pano.

*Amalume, ine ndimagulitsa vitumbuwa ndi chimanga chootcha. Kudera kwathu andale akhala akunena kuti kudzamangidwa bwalo latsopano ndipo malonda adzayenda. Ndikuganiza zotenga ndalama ya chilimba ndiwonjezere ndi ngongole ndimange kantemba pafupi ndi malowo. Mundilangize.*
*Mayi wa ku Kanyama*

Amayi, musakongole. Ndalama ya chilimba isungeni kaye.

Ku America bwalo la baseball limatsegula mageti masiku 81 pa chaka, anthu zikwizikwi tsiku lililonse. Ngakhale zili choncho, akatswiri a zachuma kumeneko, amene pa nkhani zina amakangana usiku ndi usana, pa iyi yokha amamvana: bwalo lomangidwa ndi msonkho silibweza ndalama zake kwa mzinda. A Roger Noll ndi a Andrew Zimbalist anasonkhanitsa kafukufuku wa zimenezi kale mu 1997, ndipo obwera pambuyo pawo akupezabe zomwezo. Chifukwa chake inu mukuchidziwa kuposa aprofesa. Bambo amene wagula tikiti ndi chakumwa pabwalo Loweruka, ndalama imeneyo ndi yomwe akanagulira nyama pa msika wa kwawo. Sinabadwe yatsopano, yangosamuka, ndipo yasamukira m'thumba la mwini timu. Anthu ayamba kuzindikira. Mu April 2024 ovota a ku Jackson County, ku Kansas City, anafunsidwa ngati angapitirize kukhoma kamsonkho kapadera kwa zaka 40 kuti timu ya Royals ichoke pa bwalo lake la 1973 imange lina pakati pa mzinda, ndiponso kuti bwalo la Chiefs, timu ya mpira wovala zisoti uja, likonzedwe. Anthu 58 mwa 100 alionse anakana, ngakhale kuti Chiefs inali itangotenga chikho miyezi iwiri m'mbuyomo.

Ngati masiku 81 sakukwanira, nanga kuno komwe timu ya ligi imasewera pakwawo masewero osafika 20 pa chaka? Masiku enawo mudzagulitsa kwa ndani, alonda a pa geti? Ndiponso tsiku la masewero aakulu ndi limene ogulitsa a m'mbali mwa msewu amakankhidwira kutali, malonda a m'kati n'kupatsidwa kwa amene ali ndi mapepala. Kumbukiraninso kuti nthawi zina pamene Heroes inali ndi anthu usana ndi usiku kwa masabata ambiri ndi mu 2018 ndi mu 2024, itasandutsidwa chipatala cha kolera. Mu 2018 muja malonda a m'misewu analetsedwa, asilikali ali m'tauni.

Kantemba mangani pomwe anthu amadutsa Lolemba mpaka Lamlungu: pa siteshoni ya minibasi, pa geti la kiliniki, pafupi ndi sukulu. Bwalolo likadzamangidwadi, mudzapita ndi beseni ndi mbaula tsiku la masewero, madzulo n'kubwerera nazo.

*Ba Malume, timu yathu imasewera pa bwalo lina lakale kuno ku Lusaka. Pansi pa grandstand pamagwa tizidutswa ta konkire ndipo pa mizati pali mizere yofiirira. Anzanga akuti ndi penti chabe. Tiziopa kapena tizingokhala?*
*Wochemerera wa ku Chawama*

Si penti, mphwanga. Mizere imeneyo ndi dzimbiri, ndipo likuchokera m'kati.

Konkire payokha imapirira kupanikizidwa koma siipirira kukokedwa, n'chifukwa chake timaikamo zitsulo. Zitsulozo zimatetezedwa ndi konkire yozikuta, masentimita ochepa chabe. Madzi akapeza mng'alu n'kufika pa chitsulo, chimachita dzimbiri, ndipo dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya. Likamafufuma limakankha konkire kuchokera m'kati mpaka chidutswa chithothoke. Chikathothoka, chitsulo chili pamtetete, mvula yotsatira imapitiriza ntchito. Ku Chicago ndi ku Boston ali ndi mdani wina, madzi oundana m'ming'alu nthawi yozizira. Ife ameneyo tilibe, choncho konkire yathu imayenera kukhalitsa kuposa yawo. Adani athu ndi mapaipi a madzi a mvula otsekeka ndi mapepala a pulasitiki kuyambira November mpaka April, anyamata ozula zitsulo kukagulitsa ku sikirapu, ndi ife tomwe abambo amene timakodzera mizati chifukwa zimbudzi n'zokhoma. Mkodzo uli ndi mchere, ndipo mchere ndi chitsulo sizionana.

Tsiku lopanda masewero tenga kahamala upite pansi pa grandstand imeneyo. Gogoda mzati pang'onopang'ono kuyambira m'munsi. Konkire yamoyo imalira mokweza, ngwee, hamala n'kudumpha. Yolekana ndi chitsulo imalira mogonthera ngati muli mphako. Uyang'anenso pamene denga lagwirana ndi mizati, ndi pamene zigawo ziwiri za masitepe zakumana. Mng'alu wowongoka wopyapyala kawirikawiri si woopsa. Wopendekera pafupi ndi mzati, kapena woti mbali imodzi yatsika kuposa inzake, umenewo ujambule pa foni, mulembe kalata ku komiti ya kalabu ndi ku khonsolo, kope lina musunge. Pakadali pano musakhale pansi pake kapena pamwamba pake.

Kugwa kwa zidutswa sikutanthauza kuti bwalo lonse latha, koma si kochitira nthabwala. Mu April 1998 pa Yankee Stadium yakale ku New York, chitsulo cholemera makilogalamu oposa 200 chinagwera pa mpando kutatsala maola ochepa kuti anthu alowe. Analitseka, kulifufuza lonse, kulikonza, ndipo linagwiranso ntchito mpaka 2008. Ku Seattle, Kingdome inathothoka matailosi anayi a kudenga mu 1994, timu ya Mariners n'kumaliza chaka ikusewera koyenda. Kumeneko anawononga ndalama zambiri kukonza dengalo, kenako mu March 2000 n'kuliphulitsa bwalo lonse lili ndi zaka 24 zokha. Ngongole yake anthu anamaliza kulipira mu 2015, zaka 15 lili fumbi.

Koma ngati ukufuna kudziwa chimene chapha anthu pa mabwalo a kuno kwathu, usayang'ane kumwamba kokha, yang'ana mageti. Ku Konkola mu June 2007 anthu 12 anafa popanikizana potuluka, titagonjetsa Congo Brazzaville. Ku Ellis Park, ku Johannesburg, anafa 43 mu April 2001. Ku Lilongwe, pa 6 July 2017, anthu asanu ndi atatu, ambiri a iwo ana, anafa pa geti la Bingu National Stadium, bwalo limene linali litangotsegulidwa chaka chomwecho. Utsopano wake sunawathandize. Ukalowa pabwalo lanulo werenga mageti, uone angati ali ndi loko, ufunse kuti makiyi ali ndi ndani ndipo munthuyo amakhala pati masewero ali m'kati. Akakuyankha kuti wapita kukagula chakudya, khala pafupi ndi geti limene unalowera.

*Agogo, ine ndili giredi 11 ndipo ndikufuna kudzakhala injiniya. Ndinaona pa YouTube bwalo la ku Texas denga lake likutseka lokha. Bwanji ife osamanga lotero kuti mvula isamasokoneze mpira?*
*Mdzukulu wanu wa ku Matero*

Mdzukulu wanga, masamu uwagwire zolimba, tikukufuna. Koma denga ndilo chigawo chimene chimasaukitsa eni mabwalo. Ku Montreal anamanga bwalo la Olympic la 1976 loti denga lake lansalu lizikokedwa ndi zingwe kuchokera pa nsanja. Dengalo linaikidwa mu 1987, linang'ambika kangapo, analisintha, latsopanolo n'kung'ambikanso ndi chipale chofewa mu 1999. Timu ya baseball ya Expos inachoka mu 2004, ngongole ya bwalolo inatha mu 2006, ndipo mu 2024 boma la Quebec linavomerezanso madola a ku Canada 870 miliyoni a denga lina. Ku Florida, namondwe Milton anasasula denga la Tropicana Field usiku umodzi mu October 2024. Poti bwalolo linamangidwa kuti lizikhala lofunditsidwa, pansi pake panalibe ngalande zochotsera madzi a mvula, ndiye timu ya Rays inatha chaka chonse cha 2025 ikubwereka kabwalo ka anthu pafupifupi 11,000 ku Tampa.

Denga loyenda limafuna mainjini, mafuta, amisiri ake ndi magetsi osazima. Iwe wemwe unkawerenga ndi kandulo mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Taganiza denga litaima pakati, theka lotseka theka lotsegula, magetsi apita. Mpira wathunso umaseweredwa pa mvula, si baseball imene amaimitsa kukangowaza.

Ukadzamaliza sukulu, uyambe ndi denga wamba la malata pamwamba pa open wing, kuti dzuwa la October lisamatiwambe. Mapaipi otsitsa madzi usadzawakwirire m'kati mwa mizati ngakhale wojambula mapulani akuuze kuti panja akuoneka moipa. Uwaike panja, poti munthu wa makwerero ndi waya angathe kufikapo n'kuwatsegula mvula isanayambe.